Kachewere ndi Chimanga: Mbiri ya Mbewu Ziwiri za ku Ntcheu

Mbiri ya boma la Ntcheu imene ambiri a ife timaidziwa ndi ya Angoni a kwa Maseko: kubwera kwao kuchokera kumwera, kuphedwa kwa Inkosi Gomani woyamba ndi asilikali a atsamunda m'chaka cha 1896, ndi kulimba mtima kwa Gomani wachiwiri m'chaka cha 1953. Mbiri imeneyi njofunika ndipo iyenera kuphunzitsidwa. Koma pali mbiri inanso imene siimbidwa pa ngoma, ngakhale kuti ndiyo imatidyetsa. Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Balaka kunka ku Dedza akafika pa mphambano ya ku Tsangano kapena pa Lizulu amaona milu ya mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, ndipo akaponya maso kuminda amaona chimanga. Mbewu ziwirizi zimaberekana mosiyana kwambiri, ndipo m'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti kusiyana kumeneku ndiko kwakhala kukulamula ngati mlimi wa kwathu asunga yekha mbewu yake kapena akaigula kwa wina.

Poyamba tivomereze kuti mbewu zonse ziwiri nzobwera. Chimanga chinayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupi-fupi 9,000 zapitazo, pamene anthu a kumeneko anaweta udzu wina wa kutchire wotchedwa teosinte. Chinafika m'mbali mwa nyanja zazikulu za Africa ndi zombo za Apwitikizi chitapita chaka cha 1500, ndipo chinalowa kumtunda kuno pang'ono-pang'ono potsata njira za malonda. David Livingstone anachipeza m'minda ya Amang'anja ku chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, koma masiku amenewo nsima ya anthu ambiri inali ya mapira ndi mawere. Kachewere kwao ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia. Aspanya ndiwo anamutengera ku Ulaya, ndipo kuno anafika ndi Azungu. Iye amakonda malo ozizira, nchifukwa chake anakhazikika m'mapiri a Kirk Range, ku Tsangano, ku Lizulu mpaka ku Dedza ndi kutsidya kwa malire ku Angonia.

Tisanapite patali tiyenera kudziwa chimene mlimi amafuna m'mbewuzi. Chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi tizipinda ting'ono-ting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso pokhapokha pa galasi lokuza zinthu. Robert Hooke wa ku England ndiye anatipatsa dzinali m'chaka cha 1665. M'maselo a tsamba muli tinthu tobiriwira totchedwa chloroplast. Timeneti timakola kuwala kwa dzuwa ndi kugwiritsa ntchito mphamvu yake polumikiza madzi ochokera m'nthaka ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo chotuluka pamenepo ndi shuga. Chomera chimadyako shuga wina kuti chikule, wotsalayo nkumusanduliza sitachi ndi kumusunga. Chimanga chimasunga sitachi wake m'njere, kachewere amasunga m'mbatata pansi pa nthaka. Nkhokwe zimenezi chomera sichimangira ife ai. Chimamangira ana ake, kuti akamamera akhale ndi kamba kufikira atatulutsa masamba aoao.

Ife anthu timangolanda kamba ameneyu. Tikadya nsima, thupi limaphwanya sitachi uja kuti abwerere kukhala shuga, magazi nkumutengera ku maselo. M'maselo athu muli tinthu tina totchedwa mitochondria, momwe shuga amakumana ndi mpweya wabwino umene timapuma, ndipo mphamvu imene inabisika m'menemo imamasuka nilowa m'kanthu kotchedwa ATP, kamene minofu imagwiritsa ntchito. Tsono mwamuna wogalauza pa phiri la Tsangano akukweza khasu ndi mphamvu ya dzuwa limene linawala pa munda wake chaka chatha. Nankafumbwe naye amafuna sitachi yemweyo. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tidzaipezanso kutsogoloku.

Tiyambe ndi kachewere. Mlimi wa kachewere sadzala njere. Amatenga mbatata imene yatuluka maso nkuikwirira, ndipo diso lililonse limaphuka kukhala tsinde. Kuphuka kumeneku ndi ntchito ya maselo ogawikana: selo limodzi limakhala awiri, awiri anayi, mpaka chomera chathunthu. M'kati mwa selo lililonse muli timaulusi totchedwa makoromozomu, momwe munalembedwa malangizo onse a chibadwa cha chomeracho. Kachewere wolimidwa kuno ali ndi makoromozomu 48, chimanga 20, munthu 46. Selo lisanagawikane limayamba lakopera timaulusi tonse, kenaka nkupatsa selo lililonse latsopano gawo lathunthu lofanana ndi la linzake. Walther Flemming wa ku Germany anafotokoza za kugawikana kotere m'buku lake la m'chaka cha 1882, ndipo kumatchedwa mitosis. Tanthauzo lake kumunda ndi lakuti kachewere wa chaka chino si mwana wa kachewere wa chaka chatha monga tidziwira ife kubereka. Ndi chomera chomwe chija chikupitiriza moyo. Palibe tate amene walowererapo.

Ubwino wake ngoonekeratu. Akuluakulu anati make mbuu mwana mbuu, ndipo pa kachewere mwambiwu umakwanira ndendende. Wodzala Rosita amakolola Rosita, wa khungu lomwelo ndi kukoma komweko, ndipo safuna sitolo kuti apeze mbewu. Koma kufanana kumeneku kuli ndi ngozi yake, ndipo amene anaiona ngoziyo ndi anthu a ku Ireland. Amphawi a dziko limenelo ankadalira kachewere pa chakudya chao cha tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo mtundu umodzi wotchedwa Lumper. M'chaka cha 1845 kunagwa chiwawu, matenda omwewa amene amadetsa masamba a kachewere kwathu mvula ikachuluka. Popeza minda yambiri inali ya chibadwa chimodzi, nthenda imene inagonjetsa phando limodzi inagonjetsanso mapando ena onse. Pazaka zochepa zotsatira anthu pafupi-fupi 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda, enanso ochuluka chimodzimodzi anathawira kunja. Zoona, ulamuliro wa Angerezi unakulitsa tsokalo, pakuti zakudya zina zinkatulukabe m'dzikomo anthu ali kufa. Koma khomo limene njala inalowera linali la minda yofanana.

Ngozi yachiwiri imabwera mwakachetechete. Nsabwe za m'masamba zikamayamwa kachewere zimasiyamo tizilombo ta mavairasi. Tizilomboti timalowa m'maselo, nititsikira m'mbatata, ndipo mbatatayo ikadzalidwa chomera chatsopano chimabadwa chili chodwala kale. Chaka ndi chaka nthenda zimaunjikana, masamba amapinda, zokolola zimachepa. Kwathu timati mbewu yatopa. Chizolowezi chogulitsa mbatata zikulu-zikulu pa msewu ndi kusunga ting'ono-ting'ono kuti tikhale mbewu chimafulumiza kutopaku, chifukwa kawiri-kawiri phando lodwala ndilo limabala timbatata tating'ono. Pofuna kuthetsa vutoli, akatswiri a Boma pamodzi ndi a International Potato Center, imene likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, anayesa mitundu yatsopano m'malo ozizira monga ku Bembeke, natulutsa ina monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo. Ndalama zina za ntchitoyi zinachokera ku boma la Ireland, dziko limene likudziwa bwino zimene kachewere wodwala angachite.

Chimanga khalidwe lake ndi lina. Icho chili ndi mwamuna ndi mkazi pa phesi limodzi. Ngayaye ya pamwamba ndiyo imatulutsa mungu, ndipo ndevu za pa chisononkho ndizo zimaulandira. Ndevu iliyonse imalunjika pa malo a njere imodzi, kotero kuti ndevu imene sinalandire mungu imasiya mpata pa chisononkho, monga timaonera m'chaka cha ng'amba. Popanga mungu ndi mazira, maselo amagawikana m'njira ina yotchedwa meiosis. Makoromozomu 20 aja amaima awiri-awiri, wina wochokera kwa make wina kwa tate wake, amasinthana zidutswa, kenaka nkupatukana kotero kuti kanjere ka mungu kamanyamula 10 okha, dzira nalonso 10. Zikakumana ziwirizi nambala imabwerera pa 20, koma msakanizo wake ndi watsopano, sunaonekepo ndi kale lonse. Ndiponso mungu umauluka ndi mphepo, sudziwa malire a munda. Njere za pa chisononkho chimodzi zili ndi mai mmodzi, koma atate angakhale ambiri, ena a m'munda wa mnansi. Ndicho chifukwa chake nthawi zina timasenda chimanga choyera nkupeza njere zofiirira kapena zachikasu zitamwazikana pakati pake.

Makolo athu sanaone selo, koma anadziwa chochita ndi kusakanizika kumeneku. Pa nthawi yokolola amai ankapatula zisononkho zazikulu, zodzaza mpaka kunsonga, za makoko otseka bwino ndi njere zolimba ngati mwala. Ankazimanga ndi kuzipachika kutsindwi kwa khitchini kuti utsi uzitchinjirize kwa anankafumbwe. Kusankha kotere, kobwerezedwa chaka ndi chaka m'midzi yosawerengeka, ndiko kunaumba chimene timachitcha chimanga cha makolo. M'munda wa chimanga chotere mapesi safanana: lina nlalitali, lina limacha msanga, lina limapirira dzuwa. Zokolola zake si zochuluka kwambiri, koma nkovuta kuti tsoka limodzi ligwetse munda wonse. Ine ndimaona kuti amai amenewa anali obereketsa mbewu enieni, ngakhale maina ao sali m'buku lililonse.

Malamulo a zimene amaiwa ankachita anawatulukira ndi wansembe wina, Gregor Mendel, m'munda wa nyumba ya ansembe ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Iye anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ndipo ana onse anatuluka aatali. Atasiya anawo kuti aberekane okha, ufupi uja unatulukiranso mwa adzukulu: anawerenga zomera 787 zazitali ndi 277 zazifupi, ndiye kuti pafupi-fupi zitatu pa chimodzi. Anazindikira kuti khalidwe lililonse limayendetsedwa ndi tinthu tiwiri, kena kochokera kwa mai kena kwa tate, ndi kuti kena kangathe kuphimba kanzake popanda kukafafaniza. Tinthu timeneti lero timatchedwa majini, koma owerenga asasokoneze ndi majini a mizimu aja. Mendel anawerenga zotsatira zake pamaso pa anzake m'chaka cha 1865 ndipo zinasindikizidwa mu 1866, koma dziko silinasamale mpaka m'chaka cha 1900, iye atamwalira kale. Mmodzi mwa amene anazitulukiranso, Carl Correns, ankayesa pa nsawawa ndi pa chimanga chomwe.

Kuchokera pamenepa panabadwa haibulidi. M'chaka cha 1908 George Shull wa ku America anaonetsa kuti chimanga chikakakamizidwa kudzikwatira chokha kwa mibadwo ingapo chimafooka, chimafupika, koma ana ake amayamba kufanana okha-okha. Tsono mukatenga mizere iwiri yofooka yosiyana nkuikwatitsa, ana a mbadwo woyamba amatuluka amphamvu modabwitsa, ofanana msinkhu ngati asilikali pa pelete, chifukwa chofooka cha kholo lina chimaphimbidwa ndi champhamvu cha linzake. Kuno kwathu nzeruyi inabala zipatso ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kumene m'chaka cha 1960 anatulutsa mbewu yotchuka ya SR52. Ku Nyasaland ntchito yobereketsa chimanga inkachitikira ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe, ndipo dziko litalandira ufulu alangizi anayenda m'midzi kulimbikitsa haibulidi ndi feteleza.

Kwa zaka zambiri alimi ang'ono-ang'ono, a ku Ntcheu pamodzi ndi anzao a m'maboma ena, sanailandire mbewuyi ndi manja awiri. Amene ankadzala ankadzalira kugulitsa ku ADMARC, koma chakudya cha pakhomo chinali cha makolo. Ophunzira ena anati kumeneku ndi kusafuna kusintha. Nzoona kuti anthu a kwathu anali ndi chifukwa chokayikira uphungu wochokera ku boma, pakuti ankakumbukira malamulo a malimidwe a nthawi ya atsamunda, pamene munthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ya m'munda mwake. Gomani wachiwiri anauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa potsutsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Anachotsedwa pa mpando, namwalira chaka chotsatira. Koma chifukwa chachikulu chokanira haibulidi sichinali cha ndale. Chinali mu mtondo.

Apa tibwerere kwa sitachi uja. M'njere ya chimanga cha makolo sitachi ngothinana, wolimba kuzungulira njere yonse. M'njere ya haibulidi za nthawi imeneyo, pamutu pake panali sitachi wofewa amene amafota pouma, nasiya kadzenje konga ka dzino. Mai wa ku Ntcheu safuna mgaiwa ngati angathe kupeza ufa woyera. Amakonola chimanga mu mtondo, napeta kuchotsa gaga, naviika mphale m'madzi masiku angapo, kenaka nkuyanika ndi kusinja kapena kupita nayo kuchigayo. Njere yolimba imapirira munsi, imangosupuka khungu. Njere yofewa imafumbutuka, ndipo ufa wambiri umapita pamodzi ndi gaga. Ndiponso m'nkhokwe nankafumbwe amaboola njere yofewa mosavuta, makamaka ngati makoko sanatseke nsonga. Mlangizi ankawerenga matumba pa tsiku lokolola, pamene mai ankawerenga malichero a ufa ndi miyezi imene nkhokwe idzafike. Onse awiri ankawerenga bwino, koma amene ankaphika ndiye anali ndi mau otsiriza.

Kulimba kwa njere ndi khalidwe la chibadwa, ndipo chimene chili m'majini chingathe kusamutsidwa. Akatswiri a ku Chitedze, pakati pao Dr. B. T. Zambezi, anakwatitsa haibulidi zofewa za kuno ndi chimanga cholimba chochokera ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la ku Mexico. M'chaka cha 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zobereka ngati haibulidi koma zokonoleka pafupi-fupi ngati za makolo. Alimi anazilandira msanga, ndipo MH18 inatchuka m'midzi yambiri. Anthu omwe aja ankanenedwa kuti safuna kusintha anasintha pa nyengo zowerengeka, mbewu itayamba kuyankha funso limene iwo ankafunsa.

Komabe haibulidi ili ndi lamulo limodzi limene palibe katswiri angalichotse, ndilo lamulo la adzukulu a Mendel. Mphamvu ya haibulidi imachokera pa kukhala ndi majini awiri osiyana pa malo ambiri. Chomeracho chikamapanga mungu ndi mazira, meiosis imawalekanitsa awiriwo, ndipo mu mbadwo wotsatira zofooka zimene zinaphimbidwa zimakumananso zokha-zokha nkuonekera. Mlimi wobwereza mbewu ya haibulidi amaona mapesi ena aatali ena aafupi, zisononkho zina zazikulu zina zonyozeka. Pa haibulidi ya makolo awiri okha monga SR52, theka la mphamvu yoonjezera ija limatayika pa kubwereza koyamba. Pa mbewu zonga MH18 kutsikako nkocheperapo chifukwa kholo lina ndi la chibadwa chosakanizika, koma kulipo ndithu. Palibe amene anathira mankhwala m'mbewu kuti ife, monga ena amanenera kumudzi. Ndi m'mene maselo amagawikirana basi. Koma zotsatira zake nzazikulu: makolo a haibulidi amasungidwa ndi wobereketsa, ndipo mlimi ayenera kubwerera kwa iye chaka chilichonse ali ndi ndalama m'manja.

Mbiri ya zaka zotsatira ndi ya ndalama zimenezi. Haibulidi imafunanso feteleza kuti ionetse mphamvu zake zonse, chifukwa popanda nayitrojeni tsamba limachita chikasu ndipo silikola dzuwa mokwanira. Chilala cha 1992 chitapita, ngongole za m'makalabu a alimi zinagwa, mitengo ya feteleza inakwera, ndipo ambiri anabwerera ku mbewu yobwereza. Boma linayambitsa Starter Pack mu 1998, timapaketi ta mbewu ndi feteleza taulere, kenaka makuponi a zipangizo zotsika mtengo mu 2005. Pa njala ya 2002 nkhani ya majini inafika mpaka pa mbale. Chimanga china cha thandizo chochokera ku America chinali chosinthidwa majini m'nyumba zofufuzira. Zambia anachikana, ndipo Malawi anachilandira nanena kuti chiyenera kugayidwa kuti anthu asachidzale. Maganizo ake anali omwe aja a mungu wosadziwa malire: njere yogayidwa siingamere, tsono siingakwatire chimanga cha m'munda wa munthu.

Lero m'midzi yambiri ya ku Ntcheu nkhokwe za nsungwi zikuchepa, chimanga chikusungidwa m'matumba m'nyumba, ndipo zisononkho zopachika pa utsi sizioneka kawiri-kawiri. Chimanga chimene timachitcha cha makolo chakhala chikulandira mungu wa haibulidi za m'minda yoyandikana kwa zaka zambiri, kotero kuti nchosiyana ndi chimene agogo athu ankadzala. Sindikunena kuti titaye haibulidi. Anthu tachuluka, minda yachepa, ndipo mbewu yobereka pang'ono siingatidyetse tonse. Chimene ndikunena nchakuti haibulidi iliyonse imamangidwa ndi majini amene wina anasunga. MH18 inatheka chifukwa kwina kunali chimanga cholimba choti atengeko. Mitundu yonga Kanjerenjere wocha msanga ndi Mthikinya wa njere zofiirira ngati dzungu, amene ofufuza anapeza kuti ali ndi zopangira vitamini A, ikatha m'minda, mayankho a mafunso amene sitinayambe kufunsa adzatha nayo pamodzi.

Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungiramo mbewu za makolo m'malo ozizira, ndipo ntchito imeneyo njotamandika. Koma njere ya m'botolo siuza munthu kuti inkadzalidwa pa dothi lotani, inkacha mwezi uti, kapena nsima yake inkakoma bwanji. Zimenezo zili m'mitu ya amai okalamba a ku Tsangano, ku Njolomole, kwa Ganya ndi ku Bwanje, ndipo iwo sakhala nafe mpaka kale-kale. Ife amene tinapatsidwa mwai wophunzira za maselo, tikapita kumudzi pa tchuthi titenge kope, tikhale pansi pafupi ndi mtondo, tifunse maina a mbewu ndi makhalidwe ake, tilembe. Ndiponso tiwalimbikitse abale athu kusiya kachigawo ka munda, kotalikirako ndi haibulidi, kodzalamo mbewu yaoyao. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.